Kumene Tidamuika Tenanti

Ana anga, m'mutu uno ndikuyankha funso limene mumafunsana kuseri koma osandifunsa ine: bwanji pakati pa manda a abale athu ku Nambuma pagona munthu wa mtundu wina, ndipo bwanji azakhali anu a Nambewe amandiyankha ndi mawu amodziamodzi. Ndiyambira kutali pang'ono, poti munthuyo inu mudamudziwa ali nkhalamba yotsimphina. Simudamuone akuthamanga.

Ku koleji ya zaulimi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Dzina lake adali Wedisoni. Tsiku loyamba m'kalasi, mphunzitsi adatiuza kuti aliyense aimirire, atchule mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake. Tidatchula monyadira, ena mpaka kuwonjezera mtsinje umene amamwa. Itafika nthawi yake, mnyamata wamtali wowonda uja adati, "Makolo anga adachoka kummwera ndili kumsana. Chaka chino tikulima fodya pa esiteti ina kuseri kwa Namitete. Chaka chamawa sindikudziwa." Kalasi idaseka, ndipo pofika nthawi ya chakudya chamadzulo aliyense ankamutcha Tenanti. Lidali dzina lonyoza, ndipo iye ankadziwa, koma ankayankha mukamuitana.

Kunyozako kudatha Loweruka loyamba limene tidapita kubwalo la mpira. Ine ndinkasewera kumbuyo, ndipo luso langa lidali limodzi lokha: mpira udutse, munthu asadutse. Tsiku limenelo zidadutsa zonse ziwiri. Ndidangomva mphepo, ndikucheuka goloboyi wathu akutola mpira muukonde. Nsapato zampira za pakoleji zidali zazing'ono kwa iye, choncho ankavala yakumanja yokha, phazi lamanzere lili pansi, ndipo lamanzerelo ndi limene linkapweteka anthu. Aphunzitsi a masewero atamupezera nsapato zomukwana, adazivala mphindi zochepa n'kuvula yamanzere, ati mpira sakuumva.

Masewero amene anzanga amawakumbukabe ndi aja tidasewera ndi koleji ina ya aphunzitsi. Anyamata amenewo ankatiti ndife okumba mizere, ndipo popita kopuma adali atatimwetsa kale zigoli ziwiri. Chigawo chachiwiri Tenanti adadoda otchinga kumbuyo awo mpaka wina adakhala pansi n'kuyamba kuseka yekha. Adabweza zigoli zonse, ndipo chomaliza adamenya ali pafupi ndi pakati pa bwalo. Ophika adasiya nyemba pamoto kudzaonera, madzulo ake tidadya zopserera popanda wodandaula. Koma chimene chidandikhudza ine sichidali chigolicho. M'mbali mwa bwalo mudadzaza anthu ochokera m'maesiteti, amuna ndi akazi manja akuda ndi utomoni wa fodya, amene adayenda wapansi atamva kuti mwana wa mnzawo akusewera. Ankakuwa dzina lija, "Tenanti! Tenanti!" mosachita nalo manyazi, ndipo ife ana a eni midzi tinkakuwa nawo.

Tchuthi chitafika ndidamupeza atakhala pabedi, chikwama chili chomanga, osanyamuka. Makolo ake adali atachotsedwa pa esiteti ija ndipo sankadziwa kumene adalowera. Ndidati, "Aise, tiye kwathu. Ukawafunefune uli ndi pogona." Mayi anga, agogo anu, adamulandira ngati amamudziwa kale. Iye adawafolerera khitchini, n'kuwakonzera nkhokwe imene ine ndidakhala ndikulonjeza chaka chonse. Makolo ake adawapeza pambuyo pake pa esiteti ina, koma kuyambira pamenepo tchuthi chilichonse ankabwera, ndipo mayi ankamusungira mtedza wake payekha. Azakhali anu nthawi imeneyo adali mtsikana wa ku pulayimale, ndipo ankadzitama kwa anzawo kuti Tenanti ndi mlongo wawo.

Nsaru ndi Kabudula, zaka za m'ma 1980

Titamaliza maphunziro, matimu akuluakulu a m'tauni adamufuna. Adabwera anthu pagalimoto kudzamunyengerera, iye adakana. Ndidamukalipira kwambiri, chifukwa ndinkafuna kudzamumva pawailesi. Adandiyankha kuti, "Iwe uli ndi kwanu. Ulangizi uli ndi nyumba ya boma, aise. Mayi anga agone m'nyumba imene kapitawo sangawatulutse."

Ine adandituma ku Nsaru, iye ku Kabudula. Tidapatsidwa njinga yakapalasa aliyense, ndi midzi yoti munthu sangaimalize ngakhale atamagona panjira. Ntchito yathu idali kuphunzitsa alimi m'makalabu: kupanga akalozera, kubzala chimanga motalikana bwino, kuthira feteleza pa nthawi yake. Vuto lidali kusonkhanitsa anthu. Ine ndinkatumiza uthenga, n'kukapeza amayi okhaokha ndi agogo awiri ogona tulo pansi pa mtengo, abambo ali kumowa. Tenanti ankalengeza kuti kuli mpira, mudzi uwu ndi mudzi uwo, ndipo iye asewera chigawo chimodzi uku, china uko. Kunkadzaza. Nthawi yopuma ankatenga khasu ali thukuta kamukamu, n'kulowa nawo onse m'munda wachitsanzo pafupi ndi bwalo. Wokana kumvera phunziro sankaloledwa kuonera chigawo chachiwiri, ndipo anthu ankathamangitsana okha.

Bwana wathu wa dera adali munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo mpira ankaudana nawo ngati udamulanda mkazi. Tsiku lina adatulukira mwadzidzidzi n'kupeza mlangizi wa boma ali ndi kabudula, phazi limodzi lopanda nsapato. Pa msonkhano wa mwezi adamuimiritsa pamaso pa tonse. "Boma likukulipirani kuti muzithamanga ndi chikopa?" Tenanti adayankha mwaulemu kuti, "Ayi bwana. Koma akabwera kudzandiona ine, chimanga amachionanso." Tidaseka, ndipo kusekako ndi kumene kudamupweteketsa. Adamusamutsira kudera lakutali kumene njinga unkaisenza pamutu nthawi ya dzinja. Kumenekonso adalambula bwalo. Bwanayo ndidamuda zaka zambiri, ndipo sindibisa.

Kumeneko ndi kumene adakwatira mlamu wanga, mayi a Dalitso, amenenso adali mwana wa matenanti. Ine ndidakwatira mayi anu ku Mpingu, n'kukhala mkamwini monga mwa mwambo wathu. Makolo a Tenanti adakhala naye zaka zochepa chabe. Bambo ake adatopa ndi kukhala chabe, adabwerera ku fodya, ndipo onse awiri adamwalira pa esiteti ina n'kuikidwa komweko. Esitetiyo idagulitsidwa, ndipo mwini watsopano adabzala mitengo ya bulugama mpaka pamanda. Tidapitako limodzi kukafunafuna malowo, tidazungulira mpaka dzuwa kupendeka osapeza ngakhale mtumbira.

Nsaru ndi Mpingu, zaka za m'ma 1990 mpaka kupuma ntchito

Zaka zimenezi ntchito idatilaka. Makalabu adagwa, feteleza ankafika chimanga chitamasula kale, ndipo alangizi opuma sankalowedwa m'malo. Dera la anthu atatu linkagwera munthu mmodzi. Adatipatsa njinga zamoto, zinthu zokongola, koma mafuta ankabwera mwa apo ndi apo, moti yanga nkhuku za mayi anu zidaikiramo mazira pansi pake. Chaka cha njala alimi ankatithawa, ena ankatitukwana, chifukwa tinkabwera ndi malangizo m'malo mwa chimanga. Sindinkawaimba mlandu.

Tenanti bondo lidamuvuta ali ndi zaka za pakati, ndipo adasiya kusewera n'kuyamba kuimbira mpira. Ngakhale zidali choncho, ukayenda naye pamsika wa Nsaru kapena pa Msundwe sunkafika msanga kumene ukupita. Amuna a imvi ankaima, kuvula zipewa, n'kuyamba kufotokozera ana awo za phazi lamanzere lija. Wina ankati adaliona likung'amba ukonde, wina ankati lidathyola mtengo wa golo. Iye ankangoti, "Eti? Ine ndiye sindidalipo tsiku limenelo."

Titapuma ntchito, boma lidatenga nyumba zake, monga mmene liyenera kuchitira. Ine ndidabwerera ku Mpingu kwa mayi anu, ndili ndi munda wanganso ku Nambuma umene mayi anga adandisiyira kuti ndizilima ndili moyo. Tenanti adapeza nyumba ya lendi kuseri kwa masitolo pa Nsaru. Zimene adalandira popuma zidathera kusukulu za ana ndi ku bondo lija, malo sadagule. Mwini nyumbayo adali Msilamu wa sitolo ya nsalu, amene ali mnyamata ankatseka sitolo ya bambo ake kukaonera Tenanti, ndipo ankamusunga bwino. Komabe lendi ndi lendi.

Nambuma, zaka zaposachedwapa

Adadwala miyezi ingapo, matenda a impso. Nditapita kukamuona kuchipatala ndidamupeza atatupa miyendo, koma pakamwa pali pomwepo. Adadikira mkazi wake atuluke kukatunga madzi, ndipo adati, "Aise, funso la mphunzitsi lija labweranso. Mudzi, mfumu ndi boma. Mudzandiponya kuti?" Adanena akuseka. Ndidati, "Kwathu." Adandifunsa kuti, "Wafunsa alongo ako?" Ndidati mwini mbumba ndine. Iye adapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwini mbumba ndiwe, koma mudzi ndi wawo." Ankatidziwa Achewa kuposa mmene timadzidziwira.

Adamwalira sabata yotsatira. Mafumu a pa Nsaru sadakane, adati malo alipo kumphepete kwa manda, kumene amaikako alendo. Ine ndidauza mlamu wanga kuti tikupita ku Nambuma. Mwini sitolo uja adapereka lole yake osapemphedwa, n'kukwera yekha kutsogolo. Uthenga udayenda mofulumira. Pa masiteji onse tinkapeza anthu ataima m'mbali mwa msewu, anjinga atatsika, ndipo ena ankangokwera lole ikuyenda. Anzathu a ku koleji amene atsala adafika ndi ndodo zawo. Kudabweranso magulu a m'maesiteti, ambiri a iwo achinyamata amene sadamuonepo akusewera koma adamva kwa makolo awo.

Azakhali anu adalandira maliro. Adatsegula nyumba ya mayi kuti ikhale ya siwa, adatulutsa ufa, adalira ngati amene wataya mlongo wake. Musadzamve wina akunena kuti adakana maliro, limenelo ndi bodza. Nkhani idabuka m'mawa mwake, adzukulu okumba manda atafika ndi makasu. Kwathu adzukulu sakumba paliponse. Amfumu akapereka chilolezo, mwini mbumba amapita nawo, amaloza malo, ndipo amatema khasu loyamba. Pamene watemapo ndi pomwepo, sipasinthanso. Amfumu athu ndi mwana wamng'ono kwa ine, ndidamuphunzitsa kubzala soya, ndipo adangoti, "Malume, za mbumba yanu mukudziwa ndinu."

Ndisanatuluke, azakhali anu adandiitanira kuseri kwa nkhokwe. "Achimwene, mukaloza pati?" Ndidati pafupi ndi mayi. Mbali ya banja lathu idadzaza kalekale, pakati pa mtengo waukulu ndi chulu padatsala malo a munthu mmodzi, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ndi anga. Iwo adati, "Ayi. Kumphepete. Kumeneko mthunzi ulipo, ndizikasesako ndekha." Ndidati ngati ndi kumphepete, bwenzi titamusiya pa Nsaru. Adatsitsa mawu n'kunena kuti, "Inu mudakhala m'nyumba za boma moyo wanu wonse, minda mumaiona ya anthu ena. Ine ndili ndi ana aakazi anayi ndi adzukulu anga, onse akudya pa nthaka yomweyi. Kumphepete ndi mlendo. Pakati ndi mbale. Mukamuika pafupi ndi mayi, mawa ana ake adzabwera, adzaloza mandawo, adzati kwathu ndi kuno. Ndani adzawakanize? Inu kodi?"

Ndidakwiya, ndipo chimene chidandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ankanena zoona. Ndidawakumbutsa kuti mayi ankamutcha mwana wawo. Adati, "Mayi ankamupatsa mtedza, sadamupatse munda." Ndidati ndidalonjeza. Adati, "Mudalonjeza ndi chinthu cha ana anga." Pamenepo mkulu wa adzukulu adatsokomola kutsogolo kwa nkhokwe, kutanthauza kuti dzuwa likukwera.

Polowa kumanda umayamba kudutsa kumphepeteko. Kudagona ogwira ganyu amene adafera m'mudzi mwathu, ndi mayi wina wamisala amene palibe adadziwa kwawo. Mitumbira yake idafafanizika, mayina palibe amene amawakumbuka. Ndidaima pamenepo khasu lili m'manja, ndipo adzukulu adayamba kutula zida poganiza kuti tafika. Ndidaganiza za ana a mlongo wanga, amene ndidawalera ena a iwo, ndipo ndidadziwa kuti ndikuwalanda. Ndidaganizanso za munthu amene moyo wake wonse adaphunzitsa anthu kusamala nthaka, iye alibe ngakhale pobzala therere. Ndidapitirira. Ndidakatema pakati pa mtengo ndi chulu, ndipo mkulu wa adzukulu adandifunsa kuti, "A Mbewe, mwaonetsetsa?" Ndidatemanso kachiwiri.

Maliro adali aakulu kuposa a mayi anga. Mbiri yake ndidanena ndine, ndipo nditafika pa nkhani ya nyemba zopserera anthu adaseka pamaliro, abusa akuseka nawo. Bokosi lidanyamulidwa ndi anthu a m'maesiteti, ankalandizana osalola kuti likhale pa phewa limodzi nthawi yaitali. Pamene ankalitsitsa ndidalira mokweza, mosasamala kuti ndine mwini mbumba. Ndidamukonda munthu ameneyu kuposa abale anga ena, ndipo ndikumusowa tsiku lililonse. Azakhali anu adaona malowo ali m'gulu la amayi. Adaponya dothi lawo n'kubwerera kumudzi.

Mvula ziwiri zidadutsa tisakulankhulana kupitirira moni. Kenaka zidachitika monga adanenera. Dalitso, mwana wamkulu wa Tenanti, bambo wa ana ake kale, ntchito idamuthera m'tauni. Adabwera ku Mpingu ndi mayi ake, adakhala pansi, adavula chipewa. "Bambo, tilibe kolowera. Kumene kudagona bambo athu ndi kokhako kumene tingatchule." Sadabwere mwamwano, ndipo ndikadakhala ine ndikadachitanso chimodzimodzi. Ndidawatenga ulendo wa ku Nambuma ndikudziwa chimene chikundidikira.

Azakhali anu adatipeza titakhala pakhonde. Adapereka moni kwa alendo, adafunsa za ana, kenaka adanditembenukira. "Ndidanena." Ndidavomera kuti adanena. Ndidati ndabwera kudzapereka munda wanga uja wa kudambo. Mudziwe, ana anga, kuti munda umenewo sukadakhala wanu. Inu kwanu ndi ku Mpingu. Ine ndikadzafa ukadabwerera kwa ana a azakhali anu, ndipo mmodzi wa iwo adali atayamba kale kuuyang'ana. Ndinkayembekeza mkangano wofika kwa amfumu. Iwo adalowa m'nyumba, adatuluka atamanga chitenje, khasu lili paphewa, n'kuuza Dalitso kuti, "Tiye mwanawe, ndikakuonetse malire, amalume akowa sawadziwa." Adazungulira naye munda wonse, akutema chizindikiro pangodya iliyonse, ine ndikutsatira pambuyo. Adamuonetsanso pomanga nyumba.

Pobwerera Dalitso ndi mayi ake adatsogola. Ndidati ndithokoze, koma adandidula. "Musandithokoze. Sindidapangire inu. Munthu amene wagona pafupi ndi mayi anga, ana ake sangagone panja." Tidayenda pang'ono. Kenaka adati, "Koma inu, achimwene, malo anu mudapereka. Mukadzabwera, tidzakuikani kumphepete." Ndidawayang'ana kuti mwina akuseka. Sankaseka. Ndidati chabwino.

Choncho tsiku limenelo likadzafika, mudzanditengere ku Nambuma monga mwa mwambo. Adzukulu akadzatula makasu kumphepete, musadzaitane amfumu, musadzakumbutse aliyense kuti ndidali mwini mbumba, ndipo musadzakangane ndi azakhali anu. Tidagwirizana kale, ndipo malowo ndidapita kukawaona.